A, B ndi O si zonse: nkhani ya magazi a amayi athu ku Diepsloot

Kukamacha ku Diepsloot, mzere wa pa kliniki ya OR Tambo umakhala utatalika kale. Amayi oyembekezera amafika kudakali mdima, ena atadzikulunga m'mabulangete poti chisanu cha ku Joni mwezi wa June sichiona nkhope. Ukaima pambali umamva Chizulu, Chipedi, Chitsonga, Chishona, kenako Chichewa chathu ndi Chiyao cha ku Mangochi. Mayi akalowa ulendo woyamba, namwino amamuyeza kuthamanga kwa magazi, HIV, chindoko ndi kuchuluka kwa magazi m'thupi. Amamubayanso chala n'kudontheza magazi pang'ono kuti aone ngati ali Rh positive kapena Rh negative, ndipo yankho amalilemba m'buku la kusikelo. Za HIV mayi aliyense amatuluka akudziwa. Koma mufunseni za Rh, ambiri angoti, "Alemba m'bukumu a nesi, ine sindinafunse." Kamzere kamodzi kameneko kangathe kusiyanitsa mayi wobwerera kunyumba atabereka khanda kumbuyo ndi wobwerera chimanjamanja.

Diepsloot ili kumpoto kwa mzinda wa Johannesburg, kupitirira Fourways. Inayamba mu 1995 ngati malo ongodikirirapo a mabanja osamutsidwa ku Zevenfontein, ndipo mu 2001 anabweretsako enanso ochokera m'mphepete mwa mtsinje wa Jukskei ku Alexandra. Kalembera wa mu 2011 anapezako anthu oposa 138,000, koma amene wayendako posachedwapa akudziwa kuti chiwerengerocho chinapitirira kalekale. Amalawi aliko ambiri: osamalira maluwa m'mayadi a ku Dainfern, antchito a m'nyumba, amisiri omanga, atelala, alonda. Makliniki alipo, koma chipatala chachikulu kulibe. Uchembere ukavuta, kapena munthu akavulala n'kutaya magazi, ambulansi imathamangira ku zipatala za kutali monga Rahima Moosa, Helen Joseph kapena Charlotte Maxeke. Kumeneko wodwala amathiridwa magazi a munthu amene sadzamuona n'komwe, ochokera ku South African National Blood Service, SANBS mwachidule, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 2001 ndipo limatumikira zigawo 8 mwa zigawo 9 za dzikolo.

Ambirife timangodziwa A, B, AB ndi O. Umamva munthu akudzitama kuti, "Ine ndine O, anga amalowa aliyense." Koma pamwamba pa maselo ofiira a magazi pali zizindikiro zambirimbiri zimene munthu amatengera kwa makolo ake, ndipo A ndi B ndi ziwiri chabe mwa izo. Karl Landsteiner anapeza magulu a A, B ndi O ku Vienna mu 1901. Banja lina la zizindikiro lotchedwa Kell linadziwika mu 1946, Duffy mu 1950, Kidd mu 1951, ndipo ntchitoyi sinathe: mu 2024 asayansi a ku Bristol, ku England, analengeza banja lina latsopano lotchedwa MAL. Lero akatswiri amawerenga mabanja oposa 45 a zizindikirozi, ndipo zizindikiro zonse pamodzi ndi zoposa 360. Munthu wothiridwa magazi kamodzi kokha pa moyo wake mwina sadzamva n'komwe za maina amenewa. Koma kwa mayi amene wabereka kangapo, ndi kwa mwana wa sickle cell amene amathiridwa magazi pafupipafupi, moyo wagona pomwepo.

Ndiyambe ndi zimene zimapasula mabanja popanda chifukwa. Munthu amalandira jini limodzi la gulu la magazi kwa bambo, lina kwa mayi. La A ndi la B limaonekera, la O limabisala likakumana ndi linzake. Bambo wa gulu A angakhale atanyamula O mobisika, mayi wa gulu B chimodzimodzi, ndiye mwana wawo angathe kubadwa A, B, AB kapena O, ndipo onse anayiwo ndi ana a m'nyumbamo. Pa Rh n'chimodzimodzi: makolo onse awiri angakhale positive, mwana n'kubadwa negative. Alipo amuna amene amangoona chilembo pa khadi la mwana n'kuyamba kuloza mkazi chala, nkhani mpaka kufika kwa ankhoswe kumudzi pa foni. Gulu la magazi silingatsimikize kuti mwana ndi wa uje. Yotsimikiza ndi DNA. Wofuna kuthetsa banja asanamizire labotale.

Tsopano chovuta chili pa chitetezo cha m'thupi. Thupi likaona chizindikiro chimene lilibe, limapanga zida zomenyera nkhondo zotchedwa ma antibody. Olimbana ndi A ndi B amadzipangira okha mwana akadali wa miyezi yochepa, n'chifukwa chake munthu wa gulu O akathiridwa magazi a gulu A angathe kumwalira tsiku lomwelo, maselo ataphwanyika, impso zitaima. Koma olimbana ndi Rh, Kell, Kidd ndi zina zija sabwera okha. Amadikira kuti magazi achilendo alowe kaye m'thupi, ndipo njira zake zikuluzikulu ndi ziwiri: kuthiridwa magazi ndi kutenga pakati. Thupi limachita ngati galu wa pakhomo. Mlendo akafika koyamba galu amangomununkhiza, koma fungo walisunga; tsiku lobweranso ndi mano okhaokha.

Mu 1939 madokotala awiri a ku America, Philip Levine ndi Rufus Stetson, analemba za mayi wina amene anabereka mwana wakufa, n'kuthiridwa magazi a mwamuna wake. Onse awiri anali a gulu O, komabe mayiyo anadwala mwakayakaya. Madokotalawo anazindikira kuti mwanayo anatengera kwa bambo chizindikiro chimene mayi analibe, thupi la mayi linachiphunzira mwana ali m'mimba, ndipo magazi a mwamuna atalowa linawalandira ngati mdani. Chaka chotsatira Landsteiner ndi Alexander Wiener anabweretsa dzina lakuti Rh. Nkhani ya mayi uja ikutikhudza ife mwachindunji. Kwathu bungwe la Malawi Blood Transfusion Service limatolera magazi, makamaka kwa ana a sukulu, koma akachepa achipatala amapemphabe achibale, ndipo woyamba kupinda mkono wa malaya amakhala mwamuna, chifukwa cha chikondi. Apereke ndithu, Mulungu amudalitse. Koma magazi akewo apite kwa wodwala wina, osati kwa mkazi wake amene adakali pa msinkhu wobereka, chifukwa angamuphunzitse thupi kudana ndi magazi a ana amene awiriwo adzabereke.

Mayi wa Rh negative amene wanyamula mwana wa Rh positive nthawi zambiri mimba yoyamba imayenda bwino. Pochira, kapena mimba ikapita padera, kapena akagwa n'kutaya magazi, timagazi ta mwana timalowa mwa mayi. Pa mimba yotsatira ma antibody a mayi amadutsa pa nsengwa n'kuyamba kuphwanya maselo ofiira a mwana. Mwana amachepa magazi ali m'mimba, amatupa, nthawi zina amafera momwemo. Akabadwa wamoyo, tsiku loyamba lisanathe maso ndi khungu zimasanduka chikasu, amafooka, amakana bere, amalira mokuwa. Chikasu chimenecho chikakwera kwambiri chimaononga ubongo, ndipo mwana angapulumuke koma ali wosamva kapena wolumala ziwalo moyo wake wonse. Zikabwerezabwereza, kumudzi timayamba kufufuza wolodza: mwina apongozi, mwina mkazi mnzake, mwina azakhali amene sanalandire bulangete la ku Joni. Mayi amamwa zitsamba mpaka kutopa, mwamuna amakakwatira kwina. Akuluakulu ena amangoti "magazi awo sagwirizana," ndipo pa nkhani iyi yokha amakhala atayandikira choonadi kuposa sing'anga.

Chowawa n'chakuti njira yopewera ilipo kuyambira mu 1968. Ndi jakisoni wa anti-D, amene mayi wa Rh negative amabayidwa pasanathe maola 72 chichirireni ngati mwana ali positive, komanso mimba ikapita padera kapena akataya magazi ali woyembekezera. Jakisoniyu amachotsa timagazi ta mwana tija thupi la mayi lisanatiphunzire. Asanabwere, amayi otere pafupifupi 16 pa 100 alionse ankapanga ma antibody. Ndi jakisoni wa pambuyo pochira chiwerengerocho chimatsika kufika pa 2 kapena kucheperapo. Komabe kafukufuku wofalitsidwa mu 2020 anayerekeza kuti pafupifupi theka la amayi ofunika jakisoniyu padziko lonse salandira, ndipo ambiri a iwo ali mu Africa muno ndi kummwera kwa Asia. Mayi amene anachirira ana awiri oyamba pa chipatala chaching'ono cha kumudzi, kenako n'kutsatira mwamuna ku Diepsloot, angafike thupi lake litaphunzira kale. Pamenepo jakisoni sathandizanso. Chotsala ndi kuyeza ma antibody msanga, kutsatira mwana ndi sikani, kuchirira ku chipatala chachikulu kumene kuli magetsi a buluu ochotsa chikasu, ndipo zikavutitsitsa kumusintha mwana magazi, kapena kumuthira magazi adakali m'mimba, njira imene William Liley anayamba ku New Zealand mu 1963.

Kuyezako kumachitika chonchi. Wa mu labotale amapukusa magazi a wodwala pa makina mpaka maselo atakhala pansi, madzi achikasu atayandama pamwamba. Ma antibody amakhala m'madzimo. Amatenga kakhadi kapulasitiki kokwana m'chikhatho, kokhala ndi timachubu 6 todzaza ndi phalaphala woonekera mkati. M'kachubu kalikonse amadonthezamo maselo a munthu wa gulu O amene zizindikiro zake zonse n'zodziwika, n'kuwonjezera dontho la madzi a wodwala aja. Amakafunditsa pa madigiri 37, kutentha kwa thupi la munthu, kwa mphindi pafupifupi 15, kenako n'kukapukusanso. Ngati mulibe ma antibody, maselo amatsetsereka n'kukakhala kadontho kofiira pansi pa kachubu. Ngati alimo, maselo amamatirirana, amakanika kudutsa, ndipo pamwamba pamatsala kamzere kofiira. Maziko a njirayi ndi zimene Robin Coombs, Arthur Mourant ndi Robert Race anasindikiza ku England mu 1945.

Kamzere kakaoneka, ntchito yeniyeni ndiye yayamba. Amatulutsa maselo a anthu ena 10 kapena 11, aliyense ndi zizindikiro zake, n'kuyezanso. Kenako amakhala pansi ndi pepala lodzaza ndi timitanda ndi maziro, pensulo m'manja, kufafaniza chizindikiro chimodzichimodzi mpaka patsale chimene thupi la wodwala likudana nacho. Akachipeza, amafufuza m'firiji paketi ya magazi imene ilibe chizindikirocho, n'kuiyezanso ndi madzi a wodwala isanachoke. Achibale ali pakhonde amayamba kung'ung'udza kuti achipatala akuchedwa dala poti ndife obwera. Kuchedwa kwa nkhanza kumachitika m'zipatala, sitingakane, koma kuchedwa uku n'kwina. Maola amenewa ndi amene amateteza m'bale wanu.

Ndipo pali msampha wina umene makina sangaugwire. Ma antibody ena, makamaka a Kidd, amazimirira pakapita miyezi kapena zaka, moti kakhadi kaja kamaonetsa kuti zonse zili bwino. Wodwala amathiridwa magazi, amatuluka m'chipatala akusekerera. Pakatha sabata imodzi kapena awiri thupi limakumbukira: kutentha, maso achikasu, mkodzo wakuda, magazi atsikanso. Chimene chikanapewetsa zimenezi ndi mawu a wodwala mwini wake. Mbiri ya magazi amene munathiridwa ku Queen Elizabeth, ku Kamuzu Central kapena ku Mzuzu Central mulibe m'kompyuta ya ku Johannesburg. Ili m'mutu mwanu ndi m'buku lanu la kuchipatala, ngati munalinyamula.

Palinso china chimene mabuku akale a zachipatala, olembedwa poyeza anthu a ku Ulaya, sankachilongosola mokwanira: magazi a anthu akuda ndi osiyanasiyana kwambiri, makamaka pa Rh. Mbali ina ya nzeru zimenezi inatulukira mumzinda womwewu. Mu 1960 Dr Maurice Shapiro wa ku South African Blood Transfusion Service ku Johannesburg analongosola antibody yachilendo imene anaipeza mwa mayi wina wachikuda, yolimbana ndi chizindikiro chimene anachitcha hrS, ndipo mu 1972 iye ndi anzake anapezanso china, hrB. Pafupifupi anthu onse ali nazo zizindikiro ziwirizi, ndipo ochepa amene alibe amapezeka makamaka pakati pa anthu a mu Africa.

Azungu pafupifupi 15 pa 100 ndi a Rh negative, pamene anthu akuda ndi ochepa, pafupifupi 5 pa 100. Koma ngakhale chifukwa chokhalira negative n'chosiyana. Mwa mzungu wa negative, jini la RHD, limene limapanga chizindikiro cha Rh chotchedwa D, limakhala palibiretu. Mu 2000 asayansi a ku Bristol, pamodzi ndi anzawo a ku Durban ndi ku Ghana, anapeza kuti mwa anthu akuda a Rh negative amene anawayeza, 66 pa 100 jinilo anali nalo, koma losagwira ntchito. Ndiye kuyeza kwa DNA kongofufuza ngati jinilo lilipo kungamuweruze munthu wotere kuti ndi positive pamene si choncho. Palinso ena amene ali ndi chizindikiro cha D choperewera zigawo zina, monga mtundu wa DAR umene unalongosoledwa mu 1999 mwa anthu akuda a ku South Africa. Pa khadi amalembedwa positive, koma thupi lawo lingathe kupanga ma antibody olimbana ndi magazi a positive anzawo. N'chifukwa chake mayi amene anabalapo mwana wachikasu choopsa asatonthozedwe ndi mawu akuti positive okha. Anene zimene zinachitika, dokotala aitanitse kuyeza kwa ma antibody.

Zina mwa zosiyanazi anatisiyira ndi malungo. Anthu akuda ambiri alibe chizindikiro cha Duffy pa maselo awo, ndipo chizindikirocho ndi khomo limene kachirombo ka malungo a mtundu wa vivax kamalowera; n'chifukwa chake malungo ovuta kwathu ndi a falciparum. Sickle cell nayonso inafala chifukwa wonyamula jini limodzi amatetezeka ku malungo aakulu. Matendawa ndi osowa pakati pa eni dziko a ku South Africa, koma kwathu, ku Zambia ndi ku Congo ndi odziwika, ndipo ana a obwera akufika nawo ku zipatala za ku Gauteng. Mwana wotere paketi iliyonse imene walandira ndi mwayi wina woti thupi liphunzire chizindikiro chatsopano, choncho amafunika magazi ofanana naye pa Rh yonse ndi pa Kell, osati pa A, B ndi O pokha.

Tsiku loopsa kwa wa mu labotale ndi pamene timachubu tonse taonetsa kamzere. Zikatero ndiye kuti mwina wodwala alibe chizindikiro chimene pafupifupi aliyense ali nacho. Chitsanzo ndi U, chimene chinadziwika mu 1953. Mwa azungu n'kovuta kupeza wopanda U, pamene mwa anthu akuda pafupifupi mmodzi pa 100 alibe. Munthu wotere akapanga antibody, firiji yodzaza ndi magazi siingamuthandize. Oyamba kuyezedwa amakhala abale a bere limodzi, poti aliyense ali ndi mwayi umodzi pa inayi wofanana naye. Koma Mmalawi wa ku Diepsloot achimwene ndi achemwali ake ali ku Mzimba kapena ku Machinga, ulendo wa basi wa masiku awiri kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza. Chiyembekezo chimatsalira pa kaundula wa opereka magazi osowa amene South Africa imasunga. Magazi wamba amakhala masiku 42 okha m'firiji, koma osowawa amasakanizidwa ndi glycerol n'kuumitsidwa pa kuzizira koopsa, ndipo amatha zaka 10 kapena kuposerapo. Akasowa m'dzikomo amafunsa ku kaundula wa padziko lonse amene anayamba mu 1965 ndipo amasungidwa ku Bristol.

Magazi opanda U, opanda hrS kapena hrB sachokera kumwamba, ndipo kwa azungu a ku Sandton sangapezeke kawirikawiri. Ali m'mikono ya anthu akuda. SANBS imafuna mapaketi oposa 3,000 tsiku lililonse, koma opereka magazi sakwana ngakhale mmodzi pa anthu 100 a m'dzikomo. Kukayika kwa anthu akuda kuli ndi pochokera. Mu December 2004 zinaululika kuti bungweli linkayang'ana khungu la munthu poyerekeza chiopsezo cha HIV, ndipo ngakhale magazi amene Pulezidenti Thabo Mbeki anapereka sanagwiritsidwe ntchito. Anthu anakwiya, ndipo anayenera kukwiya. Mu 2005 mchitidwewo unathetsedwa, ndipo kuyambira October chaka chomwecho paketi iliyonse imayezedwa payokha ndi njira yamakono yofufuza kachirombo kenikeniko. Ife Amalawi tili ndi mantha athuathu. Mphekesera za anamapopa zimene zinaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi madera oyandikira mu 2017 sizinatichoke tonse m'mitima. Koma magazi otengedwa pa hema wa SANBS pa msika wa masitolo amapita kwa mayi wotaya magazi pochira, ndipo mayiyo mawa angakhale mlongo wanu. Wa zaka 16 mpaka 75, wolemera makilogalamu 50 kapena kuposerapo, wathanzi, angapereke pakatha masiku 56 alionse. Adzakufunsani za malungo ndi za maulendo a kumudzi, ndipo angakuuzeni kuti mudikire kaye. Yankhani zoona. Kumeneko si kukusalani, n'kuteteza wolandira.

Mantha aakulu ku Diepsloot, komabe, ndi a mapepala. Mu April 2022 bambo wina wa ku Zimbabwe anaphedwa kumeneko ndi gulu la anthu limene linkayenda khomo ndi khomo kufunsa ziphaso, ndipo gulu la Operation Dudula lakhala likuima pa zipata za makliniki ndi zipatala za ku Gauteng kubweza obwera. Zotsatira zake, mayi amabisala mumkuku mpaka mimba ya miyezi 8, nthawi yoyeza ndi yotsatira mwana itapita. Ena amabwereka chiphaso kapena khadi la kuchipatala la mnzawo. Ichi chokha ndikuchonderera, musachite. Dzina lobwereka limabwera ndi mbiri ya magazi a mwini dzinalo, ndipo ma antibody amene apezeke mwa inu adzalembedwa pa iye. Mwaika pa ngozi anthu awiri. Lamulo lili kumbali yanu: mu April 2023 khoti lalikulu ku Johannesburg, pa mlandu umene linatengera kumeneko bungwe la SECTION27, linagamula kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 alandire thandizo laulere m'zipatala za boma posayang'ana dziko lochokera kapena mapepala. Wobweza mayi wapakati pa chipata akuphwanya chigamulo chimenecho.

Choncho inu mayi, kaya muli ku Diepsloot Extension 1 kaya ku Lilongwe mukukonzekera ulendo, yambani sikelo mukangozindikira kuti muli ndi pakati. Funsani namwino kuti Rh yanu ndi yotani. Ngati ndi negative, musatuluke m'chipatala mutachira kapena mutapita padera musanafunse za anti-D. Nenani ngati munathiridwapo magazi, ngati munatayapo mimba, ngati mwana wanu wina anakhalapo pa magetsi a chikasu. Achipatala akakuuzani kuti muli ndi antibody, pemphani akulembereni dzina lake, mulijambule pa foni, ndipo pepalalo lizikhala pamodzi ndi pasipoti. Ndipo inu abambo a m'mipingo ndi m'magulu a maliro a Amalawi ku Diepsloot, amene mumasonkha ndalama zotumizira thupi kumudzi popanda wokukakamizani, itanani a SANBS Loweruka lina adzaike hema pa tchalitchi kapena pa mzikiti, mupereke magazi.